Dzina Lobwereka

Nkhani yoti ndipite ku Halale tidaipangana pakhonde pa atsibweni anga a Gideoni, tili anthu atatu: iwo, ine ndi achimwene anga a Simeoni. Chaka chimenecho matalala adaboola fodya wanga yense ali m'munda, ndipo n'kuti nditangolowa kumene ukamwini kwa Esinati, kuseri kwa phiri, kufupi ndi Malomo. Mkamwini wopanda kanthu m'manja amatumidwa ngakhale ndi ana. Kabudula ndidali naye mmodzi, wa kumunda yemweyo wa kutchalitchi yemweyo, Esinati ali ndi pakati, nsalu yake ndi imodzi. Ndidatopa nazo. Ndidati ndipite ndikagwire zaka ziwiri zokha, ndidzagule ng'ombe ziwiri ndi ngolo, kuti anthu a kwa mkazi wanga adzayambe kundiyalira mphasa ndikafika.

Chovuta chidali chitupa. Popanda kapepala kameneko munthu sankatuluka m'dziko, ndipo kunjako sankalembedwa ntchito. Kuti ukatenge chako ku boma ku Ntchisi ankayamba afunsa malisiti a msonkho, amene ine ndidalibe. A Simeoni chitupa adali nacho. Adagwirako m'mafamu a fodya zaka zitatu n'kubwerako ndi chifuwa chosamva mankhwala, moti za ulendo wina adali ataziiwala. Chitupa cha masiku amenewo chidalibe chithunzi. Padali dzina, mudzi ndi chidindo cha chala, ndipo palibe kapitawo amene ankagwira chala cha munthu kuti achiyerekeze ndi pepala. Anyamata ambiri a m'mapiri mwathu adapita choncho, wina pa dzina la mkulu wake, wina pa dzina la mlamu wake, ndipo palibe ankaona chachilendo.

Maganizo obwerekawo adachokera kwa atsibweni, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke bwino. Iwo ndiwo adali eni mbumba, mkulu wa mpingo, komanso wapampando wa chipani m'dera lathu. Mawu awo sankagwa pansi.

"Chikungodyedwa ndi njenjete chitupacho," adauza a Simeoni. "Mpatse mphwakoyu akadyerepo. Magazi ndi amodzi."

A Simeoni adaseka mpaka chifuwa chidawatsamwa. "Tenga, Yelemiya. Koma ukalisunge bwino dzinalo, usakalipalamulire milandu ya akazi a eni."

Tonse tidaseka. Za khasu lobwereka, loti silikhala kuthyoka, palibe adazikumbuka tsiku limenelo. Esinati adandiperekeza mpaka pamsewu atasenza kamtolo kanga. Sadalire. Adangoti, "Zaka ziwiri mwanenazo zikhale ziwiri ndithu."

Ndidalembedwa pa famu ina kumpoto kwa Halale. Ndidayamba ndi kusonkhezera moto m'mabalani owotchera fodya, kenako ataona kuti tsamba ndimalidziwa adandiika posankha. Masabata oyamba ndidavutika ndi dzina. Kapitawo ankakuwa kuti, "Simeoni! Simeoni!" ine ndili phee, kuyang'ana uku ndi uku kuti achimwene atulukira pati. Adayamba kunditcha gonthi. Koma munthu amazolowera. Pofika chaka chachiwiri ndinkatembenuka msanga kuposa mwini wake, ndipo Yelemiya ndinkangokumana naye m'makalata. Pa envulopu ankalemba Simeoni, m'kati n'kuyamba kuti, "Okondedwa bambo a Rute." Rute ndiye mwana amene adabadwa ine nditachoka.

Esinati sankadziwa kulemba. Ankapita kwa aphunzitsi ena kuti amulembere, choncho makalata ake ankabwera ouma, a munthu woyankhula pamaso pa mlendo: tili bwino, mwana wayamba kukwawa, mbuzi yaswa, denga likudontha. Ine ndinkawawerenga mpaka kung'ambika m'mapindo. Lamulungu masana anzanga akapita kumowa ndinkakhala kuseri kwa komboni, kuyang'ana mapiri a eni, amiyala yokhayokha, osafanana n'komwe ndi athu. Kusungulumwa kwa kumeneko sindikudziwa kuti ndingakufotokoze bwanji. Umakhala pakati pa anthu mazana, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene adakuonapo uli mwana. Makalata anga onse ankafikira m'thumba la mpingo ku Malomo. Ankalitsegula ndi atsibweni, n'kumagawa Lamulungu mapemphero akatha.

Ndalama ndinkasunga ku positi. Kamodzi pachaka, fodya akagulitsidwa ife n'kulandira bonasi, lole ya pafamu inkatitengera ku katauni kena, ndipo aliyense ankaika zake m'kabuku kake. Kanga kadali m'dzina la pa chitupa, popeza lina ndikadalitenga kuti? Ndinkakakulunga m'kansalu n'kukaika m'chitini. Pano ndiyenera kunena chilungamo, ngakhale chikundiwawa: kumudzi ndinkatumiza zochepa. Bulangete chaka china, nsalu ziwiri chaka china, tindalama ta sopo ndi mchere. Ndinkati ndikamatumiza pang'onopang'ono zidzathera m'manja mwa achibale, bola ndidzafike nazo zonse pamodzi anthu adzaone. Zaka ziwiri zidasanduka zitatu, zitatu zidasanduka zisanu. Chaka chilichonse ndinkati ndiwonjezere kamodzi kokha. Cholakwa chimenecho ndi changa ndipo sindichikankhira munthu.

Chaka chachitatu mnzathu wina wa ku Mulanje adapondedwa ndi thirakitala n'kufera pomwepo. Kabuku kake sikadapezeke, nambala yake palibe ankaidziwa, ndipo thukuta lake lonse lidatsalira boma la eni. Tonse tidachita mantha. Sabata imeneyo komboni yonse idalemba makalata. Ine ndidalembera atsibweni, poti nkhani zotere sauza mkazi, amauza mwini mbumba. Ndidati, "Ndikafera kuno, ndalama zili ku positi, nambala ya buku ndi iyi. Mudzapatse Esinati ndi mwana." Ndidalemba nambalayo kawiri, mwa zilembo zikuluzikulu, kuti asadzalakwitse. Ndinkadziona wochenjera kwabasi.

M'dzinja la chaka chachisanu kudabwera kalata yoti a Simeoni amwalira ku chipatala. Ndidalira ndekha kuseri kwa balani, ndipo ndikupukuta misozi kapitawo adandiitana ndi dzina la malemuwo kuti ndikanyamule mitolo. Ndidayankha. Za kabuku sindidaganize n'komwe. Kadali m'chitini mwanga, m'manja mwanga, ndani akadakakhudza?

Kenako, nthawi yotentha ikuyamba, idafika kalata ina, yochokera kwa ankhoswe a kuchikazi. Idalibe moni wambiri. Adati mwana wawo wadikira mokwana, iwo sadakwatitse mwana kwa bulangete, ndipo ndikapanda kufika mvula yoyamba isanagwe adzamusudzula kuti aone zina. M'munsi mwake aphunzitsi aja adawonjezera mzere umodzi wa Esinati mwini: "Bwerani, ngakhale chimanjamanja." Tsiku lomwelo ndidapita kukatsanzika ntchito.

Ndidafika mu Halale ndili munthu. Jekete, nsapato, sutikesi yatsopano. Malipiro otsiriza ndidakapereka chikole pa sitolo ina kuti andisungire makina osokera a pamanja, oti ndikapepesere Esinati. Ndidati zotsalazo ndidzamaliza mawa ndikatapa ku positi, n'kugula tikiti, sabata isanathe ndili kwathu. Kumwamba kudalibe ndi kamtambo komwe.

M'mawa mwake ndidaima pamzere. Kalaliki adali bambo wa tayi yofiira, wolankhula Chishona chosakaniza ndi Chingerezi, koma zaka zisanu zidali zitanditsegula makutu. Adatenga kabuku ndi chitupa, adayang'ana m'chibuku china chachikulu, adalowa m'kati, adakhalitsako. Pobwera adali atanyamula mapepala.

"Buku ili walitenga kuti?"

"Ndi langa, bwana."

"Ndiwe Simeoni?"

"Ndine."

"Simeoni adamwalira dzinja lapitali. Kalata ya chipatala ndi iyi, ya boma la kwanu ndi iyi. Ndalama zonse tidatumiza kwa mkazi wamasiye ku Ntchisi, buku lidatsekedwa. Tsono iweyo ndiwe ndani? Mzukwa?"

Anthu a pamzere adaseka. Ndikati ndine Simeoni, ndiye kuti ndine mtembo. Ndikati ndine Yelemiya, ndiye kuti ndine wakuba amene wayenda zaka zisanu ndi chitupa cha mwini. Kalaliki adati ndiime pomwepo akaitane apolisi adzandifunse bwino. Atangotembenuka ndidatuluka, osathamanga, kuyenda ngati munthu wopita kukataya madzi. Kabuku ndi chitupa zidatsala pa tebulo lake.

Kusitolo adati chikole sichibwezedwa, ndipo lisiti lili m'dzina la Simeoni, abwere Simeoni ndi chitupa chake. Pofika masana a tsiku limenelo ndidalibe ntchito, ndidalibe pepala, ndidalibe tikiti, m'thumba muli tindalama tosakwana kudya sabata. Amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Wanga adali wa zaka zisanu, ndipo adauluka ndikuona.

Chaka chatha mdzukulu wanga wina amene ali ku Joni adaimba foni akulira, akuti khadi lake la kubanki lakana, wagona masiku awiri pa siteshoni wopanda chogulira ngakhale buledi. Ndidamumvera chisoni, chifukwa njala ya kwa eni ndimaidziwa: chakudya chili ponseponse m'mawindo, iwe n'kumangomeza malovu. Koma mumtima ndidati, mwanawe, iwe akana khadi. Pa tsiku lachitatu lidayambanso kugwira. Ine adakana kuti ndili moyo, ndipo padalibe ofesi yoti n'kukadandaulako osatulukamo ndi unyolo.

Adanditola ndi a Zakaliya, bambo wa ku Chezi amene ankasesa misewu ya m'tauni. Adandimva ndikufunsa mtengo wa mbatata pamsika, adazindikira malankhulidwe, n'kunditengera ku chipinda chimene ankakhala ndi anzawo asanu. Malo anga adali pansi, pakati pa mabedi. Ndidagulitsa sutikesi, kenako jekete, kenako nsapato, zonse pa mtengo wa munthu wanjala. Ntchito yeniyeni popanda chitupa kudalibe. Ndinkanyamula matumba a kabichi pamsika, ndipo ndikaona chipewa cha wapolisi ndinkatula thumba n'kulowa m'chigulu. Zimene ndinkapeza zinkathera pakamwa tsiku lomwelo.

Mumtima ndinkawaikira kumbuyo a kwathu. Ndinkati mwina aboma ndiwo adasokoneza, mwina atsibweni adangokanena za maliro, makalaliki n'kuchita zawo. Ndidawalembera atsibweniwo kuti ndalama zikafika anditumizireko ya tikiti yokha. Sadayankhe. Esinati ndidamulembera katatu, sitampa iliyonse ndikuigula ndi chakudya cha tsiku limenelo. Ndidafotokoza zonse, osabisa ngakhale za nsapato. Ndidati auze ankhoswe kuti ndili m'njira, andidikire. Yankho silidabwere.

A Zakaliya adanditengera ku bungwe la maliro la anthu a ku Dowa ndi Ntchisi, limene linkakumana Lamulungu masana m'kalasi ina. Ankasonkha mwezi ndi mwezi kuti wina akafa aikidwe mwaulemu. Ndidaimirira n'kufotokoza nkhani yanga. Adapukusa mitu, amayi ena adati kalanga ine. Kenako wapampando adati thumba lawo ndi la maliro basi.

Mtima udandiphulika. "Boma likuti ine ndidafa," ndidatero. "Mapepala alipo, ndawaona ndi maso angawa. Ngati mumathandiza akufa, wakufayo ndi uyu waima pano. Ndalama ya bokosi ndipatseni ndikwerere basi."

Ena adaseka, koma wapampando sadaseke. "Achimwene, lamulo lathu limati tione mtembo. Muno aliyense mukumuonayu ali ndi kwawo kumene akulephera kupita. Tikatsegulira inu, mawa thumba latha."

Lero ndimamvetsa kuti sankanama. Koma tsiku limenelo ndidatuluka osatsanzika. Anthu a kwathu, otchula mapiri omwewo, okonzeka kundigulira bokosi la matabwa abwino ndi kundiimbira nyimbo tsiku lonse, koma tikiti ya munthu wamoyo ayi.

Mvula yoyamba idandipeza pamsika, thumba lili pamsana. Anthu adathawira m'makonde akusekerera, fungo la dothi lili gu. Ine ndidaima pomwepo mpaka kunyowa thupi lonse. Ndinkadziwa kuti ikagwa kuno, kwathu yagwa kale kapena igwa mawa. Ndidatukwana tsiku limenelo, ine mwana wa mu mpingo, mawu amene sindingawalembe pano.

Adandipulumutsa ndi munthu amene ankafa. Padali mkulu wina, a Chimwala, wa kufupi ndi kwawo kwa a Zakaliya, amene adatchona zaka zosawerengeka. Adafa ziwalo mbali imodzi, ndipo ankalira usana wonse kuti akafere kwawo. A bungwe lija adawerengera n'kuona kuti kuwatumiza amoyo n'kotchipa kusiyana ndi kuwaika, koma pankafunika wowanyamula. Apo ndiye adandikumbuka. Wamoyo adamukana, koma wonyamula wodwala adamulipirira.

Tidakwera lole ya katundu yodzera kwa Apwitikizi. Pachipata chilichonse cha apolisi a Chimwala ankadutsa pa lole ndi mapepala awo, ine n'kutsika patali, kuzungulira m'tchire, kukakumana nawo kutsogolo. Pa Zambezi tidawoloka pa pantoni ndili nditawabereka kumsana ngati mwana. Ndinkawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatengera kuthengo. Njira yonse ankandiuza kuti, "Iwe uli ndi mwayi, mwana wanga, uli ndi okudikira." Ku Lilongwe achinyamata a chipani adatitsitsa m'basi chifukwa tidalibe makhadi a chipani a chaka chimenecho, ndipo ndalama yotsiriza ya bungwe idathera pomwepo. Ndidakawatula kwawo ku Chezi. Adzukulu awo, amene sadawaonepo chibadwire, adawalandira ndi misozi, ine n'kundiphera nkhuku. Kuchokera apo ndidayenda wapansi masiku awiri m'matope, chimanga chitamasula kale m'minda.

Nditatulukira pamwamba pa chitunda cha kwathu, chinthu choyamba kundithobwa m'maso chidali malata. Mudzi wathu udalibe nyumba ya malata chikhalire. Tsopano idalipo imodzi, ndipo sidali ya mkazi wamasiye. Idali ya atsibweni. Pambali pake padaima ngolo yatsopano.

Amayi adandilandira akulira, akundigwiragwira mapazi osweka aja. Ndisanamwe ndi madzi omwe ndidafunsa za Esinati. Adayang'ana pansi. Adati ankhoswe adakumana mvula itangogwa, banja lidatha, ndipo mwezi watha adalowana ndi bambo wina wokhoma zidebe ku Malomo, amene mkazi wake adamwalira. Ndidafunsa kuti kumbali yathu adakaimira ndani. Adati atsibweni ako, nanga ndani winanso.

M'mawa mwake akuluakulu adandiperekeza kumanda kukaona pamene adagona achimwene. Padali chiliza cha simenti, chosalala bwino, cha mtanda pamwamba, choposa zonse m'manda muja. Chimenecho chokha sindidandaula nacho. A Simeoni adandipatsa dzina lawo ndi mtima woyera, ndipo akadandipempha chiliza ndikadawamangira ndi manja anga. Pobwerera ndidalunjika pakhonde paja.

"Wabwera?" adatero atsibweni, osadzuka pampando. "Ife tinkayesa watchona."

"Atsibweni, ndalama zanga zili kuti?"

"Zako ziti? Boma lidatumiza ndalama za Simeoni. Pa pepala padalembedwa Simeoni. Iwe udakagwira ntchito ndi dzina la mwini, mwini wake wafa, ana ake adye chiyani? Ukabwereka ngolo ya mnzako umabweza ili ndi thumba pamwamba."

"Thumba, atsibweni, osati munda wonse. Nanga ana a malemuwo ndi amene akugona pansi pa malatawa?"

Nkhope yawo idasintha. Adatsitsa mawu, ndipo mawu otsikawo ndi amene adandiopsa. "Ngati uli ndi mlandu, boma lili apo, njira ukuidziwa. Ukafotokoze kuti udatuluka bwanji m'dziko muno, ndipo walowa bwanji. Masiku ano boma silisewera ndi anthu olowera kutchire."

Achinyamata a lero sangamve kulemera kwa mawu amenewo. Nthawi imeneyo munthu wochokera kunja wopanda mapepala, wapampando wa chipani akangomuloza chala kuti ndi woukira, galimoto inkabwera ndipo abale ake sankafunsa n'komwe kumene wapita. Ndidayang'ana anthu amene adali atasonkhana pabwalo. Onse ankadziwa kuti a Simeoni adakhala zaka zonsezo pakhomo akutsokomola, osagwira ndi khasu lomwe. Onse ankadziwa kuti ku Halale kudali ndani. Palibe adatsegula pakamwa. Amayi adandikoka dzanja. "Zisiye, mwana wanga. Chibale ndi fupa, sichiola." Fupa limenelo lidandiima pakhosi, ndipo mpaka lero silinatsike.

Patapita masiku awiri alamu anga, mkazi wa malemu, adandipeza kudimba. Adayang'ana uku ndi uku n'kumasula mfundo ya nsalu yawo. "Alamu, ine atsibweni adangonditengera ku boma kuti ndikadinde chala. Adandigulira nsalu ndi thumba la chimanga, zina sindidazione. Awa adandisungitsa pamodzi ndi mapepala a maliro. Kuwerenga sindidziwa, koma masitampa a ku Halale ndimawadziwa." Adali makalata anga atatu opita kwa Esinati, onse otsegulidwa.

Apo m'pamene ndidamvetsa. Kalata imodzi yokha ikadafika, ankhoswe a kuchikazi akadafunsa kuti ndalama za mkamwini wawo zidapita kuti. Kuti malata akhale padenga, pankafunika kuti ine ndikhale mtchona wotaya banja.

Ndidawoloka phiri tsiku lomwelo. Ndidamupeza Esinati akusankha nyemba pakhonde la nyumba imene ndidamanga ndekha. Denga lidali lofoleredwa bwino, ndi udzu watsopano, ndi manja a munthu wina. Mwamunayo adali ku msika. Kamtsikana kadathawira kumbuyo kwa amayi ake n'kumandisuzumira. Esinati adandiyalira mphasa patali, monga achitira ndi mlendo, adagwada n'kundipatsa moni.

"Mwayenda bwanji, bambo a Rute?"

Ndidatulutsa makalata aja n'kumuuza kumene ndawapeza. Kenako ndidawawerenga mokweza, imodzi imodzi, monga momwe ndidawalembera. Za kalaliki, za makina osokera, za kugona pansi. Pofika pa yachitatu, pamene ndidalemba kuti, "Mvula yagwa kuno lero, koma chonde uwauze kuti ndikubwera, ngakhale chokwawa," ndidaika kalatayo pamphasa. Iye adali atasiya kusankha nyemba kalekale.

"Tsiku la ankhoswe ndidafunsa ndekha," adatero. "Mkazi sayankhula pamenepo, koma ine ndidayankhula. Ndidati, atsibweni, kulibe kalata ngakhale imodzi? Adati, mwana ameneyu watitaya tonse, ngakhale ife satilembera."

"Ikadafika ukadatani?"

"Mukufunsiranji? Ndidadikira zaka zisanu ndi bulangete. Miyezi itatu ikadandikanika?"

"Nanga tsopano?"

"Tsopano ndine mkazi wa mwini. Munthuyu sadandilakwire, ndipo mwana wanuyu akumusunga bwino." Adapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Mukudziwa, madzi okandira simenti ya chiliza chija ndidatunga nawo ine? Masiku atatu, kuchokera kudambo. Atsibweni anu adandiyamikira pamaso pa anthu kuti ndine mkazi wopirira. Ndinkasenza ulendo wanu pamutu, osadziwa."

Adandipempha kuti makalatawo ndimusiyire, kuti Rute akadzaphunzira kuwerenga adzaone yekha kuti bambo ake sadamutaye. Ndidamusiyira. Mwanayo adamukankhira kwa ine kuti andipatse moni, ndipo adandigwira dzanja ndi nsonga za zala, maso ali kwa amayi ake.

M'mudzi mwa amayi sindidakhalemonso. Ndidabwerera ku Chezi, kwa adzukulu a a Chimwala, anthu amene sindidali nawo ubale uliwonse. Adandipatsa malo, ndidalima, patapita zaka ndidakwatira, ndipo ndi kumene ndikulembera izi. Kalaliki wa ku Halale ndidamukhululukira kalekale. Sankandidziwa, ndipo mapepala adali kumbali yake. Kwathu kudalibe amene sankandidziwa. Adandiona ndikubadwa, adandiona ndikunyamuka, adadya nyama pa tsiku la chiliza akudziwa mwini thukuta, ndipo Lamulungu lililonse ankayankha ameni atsibweni akamapempherera ana athu amene ali kunja kuti azikumbuka kwawo.

A Gideoni adakhala ndi moyo zaka zambiri pansi pa malata awo. Atamwalira adanditumizira uthenga m'mawa, kuti maliro ndi mawa, mwana wamkulu wotsala wa mlongo wawo ndine, ndikafike msanga. Kwathu kuno munthu sakana maliro, ngakhale a mdani. Tsiku limenelo ndalama ya basi ndidali nayo m'thumba, chitupa changachanga ndidali nacho, ndipo msewu udali wouma. Sindidapite.